Mtsinje wa Zambezi Uyambira Pakhomo Panu

Nkhani yathu lero ndi ya mtsinje wa Zambezi. Koma sitiyambira pa mathithi otchuka aja kapena pa damu la Kariba ai. Tiyambira ku Pumula, lokeshoni ya kumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo, kumene kukhala ena mwa ana ndi adzukulu a anthu a kwathu amene anadza kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'mafakitale. Lokeshoni imeneyi inayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo dzina lake m'Chindebele litanthauza chimodzimodzi ndi m'chinenero chathu, ndiko kupumula. Koma mukafunsa mayi wa kumeneko ngati apumuladi pa nkhani ya madzi, adzangokusekani. M'chaka cha 2020 mipopi ya mu mzindawo inali kutsekedwa maola 144 pa mlungu, ndiye kuti masiku 6 athunthu, ndi kutsegulidwa tsiku limodzi lokha.

Kapena wina afunsa kuti, nanga Pumula ndi Zambezi zigwirizana bwanji, popeza kuchokera ku Bulawayo kukafika ku mathithi pali makilomita oposa 400 pa msewu? Funso limeneli ndi labwino, ndipo tikaliyankha tidzakhala tamvetsa nkhani yonse.

Msana wa dziko

Taonani denga la nyumba yanu mvula ilikugwa. Madzi ogwa mbali ino ya mtanda wa denga atsikira kukhomo, ogwa mbali inayo atsikira kuseri. Mzinda wa Bulawayo unamangidwa pafupi ndi mtanda wotere wa dziko. Mvula yogwa chakumwera kwa mzindawo ilowa mu Umzingwane ndi kukathira mu Limpopo. Koma yogwa mu mzinda momwemo ndi m'malokeshoni a kumadzulo ilowa mu Umguza ndi mu Khami. Mitsinje iwiriyi ithira mu Gwayi, ndipo Gwayi athira mu Zambezi cha kumene iyambira nyanja ya Kariba.

Tsono chodabwitsa ndi ichi. Madamu amene mzinda umwako, ndiwo Umzingwane, Inyankuni, Insiza, Mtshabezi ndi awiri a pa Ncema, onse ali mbali ya ku Limpopo. Kotero munthu wa ku Pumula amwa madzi a ku Limpopo, koma madzi amene wasambira ndi kuchapira awatumiza ku Zambezi. Ngalande ya kuseri kwa nyumba yake ndiyo imodzi ya mizu ya mtsinje waukuluwo.

Si a ku Bulawayo okha ai. Mvula ya ku Lilongwe ilowa mu Linthipe, nipita m'nyanja ya Malawi, nituluka ndi Shire kukathira mu Zambezi. Ya ku Chipata itsikira mu Luangwa. Ya ku Lusaka ipita ndi Kafue ndi Chongwe, ndipo ya ku Harare ipita ndi Manyame. Maiko 8 atumiza madzi ao ku mtsinje umodzi umenewu: Angola, Zambia, Namibia, Botswana, Zimbabwe, Mozambique, Malawi ndi Tanzania. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo makwawa athu onse akomana pamodzi.

Ulendo wa mtsinje ndi mbiri yake

Zambezi ndi wachinai kutalika pa mitsinje yonse ya mu Africa. Utali wake ndi makilomita pafupifupi 2,600. Gwero lake ndi kakasupe ka m'nkhalango ya ku Mwinilunga, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia. Uyamba walowa mu Angola, nubwerera mu Zambia pa Chavuma, nusefukira m'chigwa cha Alozi, kumene mfumu yao isamuka ndi bwato lalikulu pa mwambo wa Kuomboka madzi akadzaza. Utapitirira Kazungula ugwa pa phompho lakuya mamita 108, lotambalala mamita 1,700, pamene Atonga ati Shungu Namutitima ndipo Akololo anati Mosi-oa-Tunya. Kuchokera apo upyola Kariba, Cahora Bassa ndi Tete, nulandira Shire kumunsi kwa Sena, nukathira m'nyanja yamchere cha ku Chinde.

Kuyambira kalekale mtsinjewu unali njira ya malonda. Golide, minyanga ya njovu ndi mkuwa zinali kutsika nao, nsalu ndi mikanda zinali kukwera nao. Apwitikizi anakhazikika pa Sena ndi pa Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo pambuyo pake njira yomweyo inatenganso akapolo ambirimbiri. David Livingstone anafika pa mathithi m'mwezi wa November 1855, atamtengera m'bwato anthu a m'dzikomo, nawatcha dzina la mfumukazi ya kwao, Victoria. Mu 1858 anabwera ndi sitima yotchedwa Ma-Robert, poganiza kuti Zambezi adzakhala msewu wa masitima kufikira pakati pa Africa. Miyala ndi mathithi a pa Kebrabasa, kumtunda kwa Tete, zinamkaniza. Ndicho chifukwa chake anakhotera mu Shire, nakafika ku nyanja ya Malawi mu September 1859. Inu a ku Malawi dziwani kuti miyala ya mu Zambezi ndiyo inalozera amishoni njira ya kwanu.

Makolo athunso audziwa mtsinjewu ndi mapazi ao. Ambiri opita ku Halale ndi ku Bulawayo anaoloka pa Tete, ena pansi, ena pa magalimoto aja a Ulere. Njanji yochokera ku Bulawayo inafika ku mathithi mu 1904, ndipo ulalo wake unatsegulidwa mu 1905. Ulalo wautali wa Dona Ana, pa Sena, unatsegulidwa mu 1935 ndi kulumikiza Nyasaland ndi doko la Beira.

Zimene amisiri a zithunzi anaona

Pa ulendo wa 1858 Livingstone anali ndi mmisiri wojambula zithunzi ndi utoto, dzina lake Thomas Baines, amenenso anali wosunga katundu wa ulendowo. Iye anajambula mudzi wa Tete, mabwato a pamtsinje ndi mathithi a pa Kebrabasa. Mu 1859 anamchotsa ntchito pomnenera kuti anaononga katundu, mlandu umene iye anaukana. Koma sanataye mtima. Mu 1862 anafika ku mathithi a Victoria kudzera njira ya kumadzulo pamodzi ndi James Chapman, nakhala pamenepo masiku angapo alikujambula. Buku la zithunzizo linasindikizidwa ku London mu 1865, ndipo kupyolera mwa ilo anthu ambiri a ku Ulaya anaona Zambezi koyamba. Zina za ntchito zake zisungidwa ku National Archives ku Harare, ndipo ku Bulawayo kuli sukulu yotchedwa dzina lake.

Zithunzi zimenezi zitithandiza m'njira ziwiri. Poyamba ndizo mboni. Wofika pa mathithi a Victoria lero aona phompho ndi nkhungu ya madzi monga momwe Baines anaziona. Koma ambiri a mathithi a pa Kebrabasa anamizidwa ndi nyanja ya Cahora Bassa, damu lake litatha mu 1974, ndipo maonekedwe ao atsala pa nsalu ya mmisiriyo.

Kachiwiri zitiphunzitsa kuchenjera ndi maso athu. M'zithunzi za mathithi muona madzi, utawaleza, mitengo ndi njati zothamangira kuphompho. Anthu ali owerengeka ndi ang'onoang'ono. Woona chithunzi chotere ali kutali ayesa kuti mtsinje ulibe eni ake. Yerekezani ndi zithunzi za anyamata a pa sukulu ya Cyrene, pafupi ndi Bulawayo, imene Canon Edward Paterson anatsegula mu 1940. Iwo pojambula mapiri a Matobo anadzaza chithunzi chonse ndi midzi, minda, ng'ombe ndi anthu ogwira ntchito zao, ndipo zithunzi zao zinakaonetsedwa ku London mu 1949. Mlendo aona kukongola kwa dziko, mwini dziko aona pokhala anthu.

Damu la Kariba ndi mtengo wake

Kusiyana kwa maso kumeneku kunaoneka bwino pa Kariba. Boma la Chitaganya, limene linagwirizanitsa maiko athu atatu kuyambira 1953 kufikira 1963, linafuna magetsi a migodi ndi mafakitale. Ntchito inayamba mu 1955. Chigumula cha 1957 ndi china choposa cha 1958 zinaononga zomangidwa, ndipo Atonga anati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo. Khoma lotalika mamita 128 linatseka madzi mu December 1958, ndipo antchito oposa 80 anafera pa ntchitoyo.

Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri anasamutsidwa kuchoka m'madimba a nthaka yachonde, amene anali kukolola kawiri pa chaka, kupita kumtunda kouma. Mu September 1958 anthu 8 a mfumu Chipepo anaomberedwa ndi apolisi pokana kusamuka. Dziko lonse linamva za nyama pafupifupi 6,000 zimene Rupert Fothergill ndi anzake anapulumutsa pa zilumba. Za manda, minda ndi abale olekanitsidwa ndi nyanja zinamveka pang'ono chabe. Magetsi anaunikira Kitwe, Lusaka, Harare ndi Bulawayo, koma midzi yambiri ya osamutsidwawo inakhalabe mumdima zaka makumi angapo. Phindu lina linadza pambuyo: kapenta amene mudya lero anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika ndi kuikidwa mu Kariba mu 1967 ndi 1968.

Umoyo wa mtsinje

Mtsinje udwala monga munthu, ndipo nthenda zake zazikulu ndi zitatu.

Yoyamba ndiyo kuchepa kwa madzi. Pa chilala cha 2024 madzi a mu Kariba anatsika kotero kuti makina ambiri a magetsi anaimitsidwa, ndipo ku Zambia magetsi anali kuzima maola 20 ndi kuposa pa tsiku. Chitsime chidziwika kuya chikaphwa. Kumunsi kwa madamu nako kunasintha, pakuti chigumula cha chaka ndi chaka, chimene chinali kuthira matope achonde m'madimba ndi kudzaza madambo oswanirana nsomba, sichifikanso pa nyengo yake.

Yachiwiri ndiyo matope. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikadulidwa, ndipo anthu akalima kapena kukumba golide kufikira m'madzi, nthaka ikokoloka nidzaza madamu. A ku Malawi aidziwa nthenda imeneyi pa Nkula, pamene matope ndi zinyalala za mu Shire zitseka makina a magetsi.

Yachitatu ndiyo zonyansa. Mu February 2025 dziwe la zotaya za mgodi wa mkuwa linaphulika pa Chambishi, asidi nalowa mu Kafue. Nsomba zinafa zambirimbiri, ndipo madzi a mzinda wa Kitwe anatsekedwa. Koma tisaloze kutali kokha. Pafupi ndi Pumula, pambali pa mabwinja a miyala a mafumu a Atorwa, pali damu la Khami, limene linamangidwa mu 1928 kuti mzinda uzimwa. Mu 1988 analeka kutungako, chifukwa madzi ake anaipitsidwa ndi zonyansa za m'zimbudzi za mzinda womwewo. Taganizani, damu lili pakhomo, madzi alimo, koma anthu agona ndi ludzu. Ndipo madzi akamasowa m'mipopi, nthenda ilowa: mu 2020 anthu 13 anafa ndi kutsegula m'mimba ku Luveve, lokeshoni ina ya mzinda womwewo.

Madzi amene tiyembekeza

Maganizo otenga madzi a ku Zambezi kufika nao ku Bulawayo anayamba mu 1912. Mbali yake yoyamba ndi damu la pamene Gwayi akomana ndi Shangani, ndi mapaipi a makilomita oposa 240 ofika mu mzinda. Ntchito ya damulo inayamba m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo pofika 2024 inali isanathe. Madzi a mtsinje wa maiko ambiri satengedwa ndi dziko limodzi mwa lokha. Ndicho chifukwa chake Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa Zambezi River Authority mu 1987 kuti iyang'anire Kariba, ndipo mu 2004 maiko a m'chigwachi anapangana ku Kasane zokhala ndi bungwe limodzi lokambirana za mtsinje wonse.

Tsono mvetsetsani apa. Madzi amene a ku Pumula ayembekeza adzachokera mu Gwayi, ndipo Gwayi ndiye alandira Khami ndi Umguza. Zimene mzinda utaya lero zipita ku mtsuko umene udzamwera mawa.

Za madamu ndi mapaipi ndi ntchito ya maboma, ndipo nkoyenera kufunsa makhansala ndi aphungu anu kuti zafika pati. Koma zilipo zimene yense angathe. Musataye mafuta a galimoto, mapulasitiki kapena matewera m'ngalande. Paipi ya zonyansa ikaphulika, kaneneni ku ofesi ya khonsolo tsiku lomwelo. Polima dimba siyani mamita 30 kuchokera pa gombe la mtsinje, monga lamulo la ku Zimbabwe linena, ndipo musadule mitengo ya pamenepo. Madzi a pachitsime chosatetezedwa muziwawiritsa musanapatse ana. Inu aphunzitsi, tengani ana mvula itagwa, atsate kamfuleni ka pafupi ndi sukulu, ajambule zimene aona, anthu ndi zinyalala zomwe, kenaka muwasonyeze pa mapu kumene madziwo apita. Tisadikire kuti mtsinje wa Tinkanena uthire mu Siizi.