Kukaona Mzinda wa Tete Awiri-awiri: Malangizo kwa Atsogoleri a Makalasi

Abale ndi alongo amene mukuphunzitsa akulu kulemba ndi kuwerenga kuno ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano ndi ku Macanga, nkhani ino ndi ya ulendo wokaona mzinda wa Tete.

Ambiri a ife timapita ku Tete pokhapokha pagwa vuto: wodwala watumizidwa ku cipatala cacikulu, kapena tikufuna cikalata ku maofesi a boma. Timafika mtima uli m'mwamba, ndipo timabwerera osaona kanthu koma fumbi ndi thukuta. Komatu munthu angathe kupatula ndalama pang'ono atagulitsa mbatata ya kacewere kapena tirigu, n'kupita ndi mnzake masiku awiri okha kukangoona mzinda. Ena adzati kumeneko n'kuwononga ndalama. Ife tikuti kwa munthu amene wangodziwa kumene kuwerenga, ulendo wotere ndiwo mayeso ake enieni. Akakonzekera bwino, amabwera ndi njala yofuna kuphunzira zambiri. Akapita osakonzekera, amabwera atagwa ulesi, amvekere: "Zathu zija sizigwira ntchito m'tauni." Pakapita masabata awiri simumuonanso m'kalasi. Tsono kumukonzekeretsa ndi udindo wanu, inu atsogoleri.

Cifukwa ciani awiri?

Akulu adati kuyenda awiri si mantha. Gulu lalikulu limafuna ndalama zambiri, malo ogona ambiri, ndipo amene amawerenga zikwangwani amakhala mtsogoleri yekha, enawo n'kumangotsata ngati nkhosa. Koma anthu akakhala awiri, palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake. Wina akuwerenga, wina akulemba m'kope. Wina akacita manyazi kufunsa njira, mnzake amafunsa, paja safunsa adadya phula. Ndi bwino kuti mmodzi akhale wodziwako Cipwitikizi pang'ono, koma agwirizane asananyamuke kuti woyamba kuyesa kuwerenga cikwangwani ciliconse akhale wosadziwayo.

Vuto la zilembo

Apa ndi pamene pagona nkhani. M'kalasi timaphunzira m'Cinyanja, koma zolembedwa za mu mzinda pafupifupi zonse ndi za m'Cipwitikizi. Zilembo ndi zomwezo, koma zina zimamveka mosiyana. Wophunzira wathu akaona mau akuti *casa* amawerenga monga m'mau athu akuti "caka", pamene eni ake amati "kasa". Samalakwa cifukwa ca umbuli ayi. Akutsata bwino lomwe lamulo limene tidamuphunzitsa, kungoti sitidamuuze kuti anzathuwo ali ndi lamulo lawo.

Njira yapafupi yophunzitsira zimenezi ndi maina a kwathu konkuno, amene aliyense amawadziwa kale pakamwa. Lembani pa bolodi: Macanga, Mussacama, Furancungo. Afunseni kuti, "Kodi timawachula bwanji malo amenewa?" Adzayankha kuti Makanga, Musakama, Furankungo. Pamenepo adzaona okha kuti m'Cipwitikizi *c* wotsatidwa ndi *a*, *o* kapena *u* amamveka ngati *k*. Kenaka onjezani zina pang'ono-pang'ono: *nh* amamveka ngati *ny* wathu, *ç* ngati *s*, *qu* m'mau ngati *quilo* amamveka ngati *k*, ndipo *ch* ndi *sh*, monga m'mau akuti *chapa* amene tonse timakwera.

Musawaunjikire zambiri. Mau khumi akwanira pa ulendo woyamba: *Entrada* polowera, *Saída* potulukira, *Paragem* pokwerera galimoto, *Mercado* msika, *Farmácia* kogula mankhwala, *Hospital* cipatala, *Perigo* ngozi, *Proibido* coletsedwa, *Homens* amuna, *Mulheres* akazi. Bwerezaninso manambala, cifukwa mtengo wa cinthu ndi cenji sizifuna womasulira. Munthu wodziwa kuwerenga nambala sapusitsidwa msanga.

Auzeninso kuti m'misewu ndi m'misika ya ku Tete anthu ambiri amalankhula Cinyungwe, ndipo mzindawo eni ake amauchula kuti Nyungwe. Cinyungwe ndi Cinyanja n'zapacibale. Mau ena amasiyana, monga "basa" m'malo mwa ntchito, koma wolankhula modekha amamvana nawo.

Nyengo ndi njira

Ife ndife anthu a kumapiri, tidazolowera cisanu. Tete ali m'cigwa ca Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40. Conco nthawi yabwino ndi Juni kapena Julaye, pamenenso ntchito ya kumunda yacepako. Atenge B.I., botolo la madzi, cipewa, kope ndi pensulo. Za kogona akonzeretu ndi wacibale, kapena afunse uphungu ku parishi asanacoke. Ndalama yobwerera aisunge payokha.

Ocokera mbali ya Tsangano amatsika mpaka ku Mussacama, kumene amakumana ndi msewu waukulu wocokera ku Zóbuè, n'kudzera ku Moatize. M'njiramo aone mmene dziko likusinthira: mphepo yozizira imatha, milambe imayamba kuoneka. Ku Moatize aone migodi ya malasha. Kampani ya Vale idayamba kukumba kumeneko mu 2011, ndipo mu 2022 mgodiwo udapita m'manja mwa kampani ya Vulcan. Kuti mgodi upeze malo, mabanja ambiri adasamutsidwa kupita ku Cateme. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kukambirana m'kalasi, cifukwa ikuonetsa kufunika koti munthu aziwerenga yekha pepala asanaikepo dzina kapena cala.

Zokaona mu mzinda

Tete ndi mzinda wa anthu opitirira 300,000, koma zofunika kuona zambiri zili pafupi ndi mtsinje, ndipo angaziyendere wapansi m'mawa dzuwa lisanakwiye.

Coyamba ndi mlatho wa Samora Machel, wolendewera pa zingwe zacitsulo, wotalika mamita opitirira 700. Udatha kumangidwa mu 1973, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati. Kale anthu ndi katundu ankaoloka pa ngalawa. Kucokera mu 2014 pali mlatho wina wa Kassuende kumunsi kwa mzinda, umene malole olemera amadzerapo. Aime pa mlatho wakalewo ayang'ane madzi. Madzi amenewo adzera ku damu la Cahora Bassa ku Songo, limene lidatsekedwa mu 1974 ndipo lidabwera m'manja mwa dziko lathu mu 2007.

Caciwiri ndi mbali yakale ya mzinda, kumene kuli tchalitchi ndi linga zochedwa São Tiago Maior, ndiye kuti Yakobo Woyera Wamkulu. Apwitikizi adakhazikika pa Tete ca m'ma 1531, pofuna golide ndi minyanga, ndipo pambuyo pake malonda a akapolo adadzeranso pomwepo. Tete adakwezedwa kukhala mzinda pa 21 Marici 1959, ndipo dayosizi yathu ya Tete idakhazikitsidwa mu 1962.

Musalole ophunzira kuganiza kuti imeneyi ndi mbiri ya Azungu okha. Mu 1798 Francisco de Lacerda adanyamuka pa Tete kupita kwa mfumu Kazembe, kudutsa m'dziko la Amaravi. Mu 1831 Monteiro ndi Gamitto adayenda ulendo womwewo, ndipo Gamitto adalemba zambiri za miyambo ya Amaravi ndi Acewa. Mu Marici 1856 David Livingstone adafika pa Tete ndi Amakololo amene adamuperekeza, nawasiya pomwepo. Amakololo ena pambuyo pake adakakhazikika m'cigwa ca Shire ku Malawi, nakhala mafumu. Taonani: amene adanyamula katundu, kulozera njira ndi kupereka cakudya adali anthu akuda, koma amene adalemba ndi alendo. Maina a alendowo tikuwadziwa, a onyamula katundu ambiri adatayika.

Pali malo enanso kunja kwa mzinda amene masiku awiri sangakwanire, koma ndi bwino kuwadziwa. Kumtunda kwa mtsinje kuli mishoni yakale ya Boroma, imene Ajezuiti adayamba m'zaka za m'ma 1880. Kumwera kuli Wiriyamu, kumene pa 16 Disembala 1972 asilikali a boma la atsamunda adapha anthu mazana. Dziko lapansi lidamva za cipongwe cimeneci cifukwa ansembe ena adamvetsera opulumuka, nalemba maina a ophedwa, ndipo Bambo Adrian Hastings adafalitsa nkhaniyo ku London mu 1973. Mu 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, idapepesa. Pakadapanda olemba, bwenzi ena akukanabe kuti zidacitika.

Akabwerako

Ulendo usathere pa khomo la nyumba. Sabata yomweyo apatseni awiriwo nthawi m'kalasi. Mungathe kutsata ndondomeko iyi:

1. Afotokoze pakamwa zimene adaona, anzawo afunse mafunso.
2. Alembe pa bolodi mau a pa zikwangwani amene adakopera m'kope, kalasi yonse iyese kuwerenga ndi kumasulira.
3. Awerengetse ndalama zimene adagwiritsa ntchito: ya chapa, ya cakudya, ya zina. Masamu a tsikulo akhale amenewo.
4. Sankhani liu limodzi la pa ulendowo, monga "mlatho" kapena "malasha", muligawe m'maphatikizo, ndipo oyamba kumene apange nalo mau atsopano.
5. Awiriwo alembe nkhani ya ulendo wawo, ngakhale mizere khumi yokha, aikepo tsiku ndi maina awo. Nkhaniyo isungidwe m'buku la kalasi.

Mfundo yacisanuyi musaidumphe. Ndiyo njira yoti mbiri ya kwathu iyambe kulembedwa ndi eni ake. Akatha kulemba za Tete, atumeni kwa agogo a m'mudzi akafunse za ulendo wawo woyamba wa kumeneko: adayenda masiku angati, adaoloka bwanji, adapita kukatani. Zimene apeze mutitumizire kudzera ku parishi, kuti makalasi ena awerenge nawo.