Gauni Ikavulidwa, Ntchito Iyamba Liti?

Mwana wa mchemwali wanga atalandira digiri, kumudzi kunafa mbuzi ndipo nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Patatha sabata ziwiri anatulukira kwathu ku Area 25 ndi kachikwama kamodzi, tinamuyalira matiresi pabalaza. Anagona pamenepo chaka ndi theka. M'mawa uliwonse ankasita malaya oyera omwe aja, n'kunyamula envulopu ya khaki yodzaza mafotokope, ulendo wa m'tauni. Madzulo ndikamufunsa, yankho linali lomwelo: "Amalume, akuti tisiye makalata pageti, adzatiimbira."

Chomwe chinkamudya mumtima kwambiri chinali kusadziwa kuti kudikirako kudzatha liti. Njala amatha kuipirira munthu akadziwa mwezi wokolola.

Ku Japan mwezi wokololawo ndi wodziwika. Wophunzira amayamba kusaka ntchito adakali m'chaka chachitatu ku yunivesite, atavala suti yakuda yofanana ndi ya anzake onse. Makampani ambiri akuluakulu amapereka lonjezo la ntchito pamwambo wa pa 1 Okutobala, ophunzira amatsiriza sukulu mu Malichi, ndipo pa 1 Epulo amalowa ntchito tsiku limodzi ngati ana oyamba Fomu 1. Kampani imamutenga mwanayo ikudziwa kuti sadziwa kanthu, ndipo imamuphunzitsa yokha. Kwathu kuno nkhani imatembenuka. Tsegulani masamba a ntchito mu The Nation kapena The Daily Times, mupeza akufuna munthu amene wagwirapo kale zaka zitatu, mwina zisanu. Nanga wochoka kumene ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu zaka zimenezo azitola kuti? Aliyense akufuna nkhuku yoikira kale, wolera anapiye palibe.

Njira ya ku Japan ili ndi minga yake, tisabise. Chuma cha dzikolo chitagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makampani anachepetsa kulemba achinyamata, ndipo ambiri amene anaphonya Epulo wawo anakalamba akugwira maganyu. Khomo lotseguka kamodzi kokha limachititsa mantha. Ife khomo lathu silitsekeka choncho: munthu atha kugulitsa kaunjika zaka zinayi, kenako n'kulembedwa kubanki popanda womufunsa kuti anachedwa kuti.

Njira imene imandigwira mtima ndi ya ku Germany. Kumeneko mnyamata kapena mtsikana amasainirana mgwirizano ndi kampani, masiku ena ali m'kalasi, ena ali pamakina, ndipo amalandira kangachepe mwezi ndi mwezi kwa zaka pafupifupi zitatu. M'zaka za m'ma 1970, makampani a ku Stuttgart monga Bosch ndi Daimler-Benz anakankhira njira yomweyi kumaphunziro apamwamba. Pomaliza sukulu, wophunzirayo amakhala akudziwa kale dzina la kapitawo wake. Kwathu kuno, TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, imayendera nzeru yofananayo kwa amisiri, koma wa digiri amangolawa ntchito kwa miyezi yowerengeka, nthawi zambiri malo ake atachita kudzipemphera yekha.

A ku Nigeria anasankha zina. Kuyambira mu 1973, womaliza maphunziro apamwamba amatumikira dziko chaka chimodzi pansi pa ndondomeko yotchedwa NYSC, kawirikawiri m'dera lakutali ndi kwawo. Boma lathu nalo linayamba mu 2018 kutumiza omaliza makoleji m'maofesi kuti akaphunzire ntchito. Ndi chinthu chabwino, koma nthawiyo ikatha ambiri amabwerera ku envulopu ya khaki ija.

Ndiye amene amasenza mtolowu ndani? Ndi banja. Mayi amene anagulitsa mtedza kuti alipire fizi ndi yemweyo amatumiza ya minibasi pa foni. Malume amapereka pogona, azakhali amanong'oneza dzina la mwanayo kwa mnzawo wa kutchalitchi amene ali ndi mpando penapake. Chikondi chimenechi ndimachinyadira, ndipo sindingachisinthanitse ndi suti yakuda ya ku Tokyo. Koma chili ndi chilema chimene sitikonda kuchitchula: mwana wopanda wachibale m'tauni alibe pabalaza pogona, alibenso womunenerera. Mnzake wa mphwangayu, amene ankakhoza bwino kumuposa, anabwerera kumudzi patangotha miyezi iwiri chifukwa lendi inamukanika. Olemba ntchito athu akanamalowa m'makoleji ana asanamalize, n'kulonjeza ngakhale malo asanu okha pa tsiku lodziwika, mnyamata ngati ameneyo akanapikisana ndi mutu wake osati ndi abale a anzake.

Mphwanga uja ntchito anaipeza, kudzera mwa munthu amene ndinaphunzira naye kusekondale. Malipiro oyamba anagulira mayi ake chitenje ndi thumba la feteleza, ine anandibweretsera shuga atagwira ndi manja awiri. Matiresi aja sitinawachotse. Tinangowaimika kuseri kwa kabati, chifukwa mlongo wake akumaliza chaka chino.