Mafayilo akukana kutseguka pa Windows 11? Nthawi zambiri sanatayike

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, ndipo eni makompyuta akulimbikitsidwa kusamukira ku Windows 11. Ena akangosamuka akukumana ndi vuto lodabwitsa. Kompyuta ikuyaka bwinobwino, mapasta osungiramo mafayilo akuoneka onse, koma munthu akati atsegule pakubwera mawu akuti "Acesso negado", kusonyeza kuti alibe chilolezo. Kwa mphunzitsi amene anasunga mapauta a ophunzira mmenemo, kapena mlembi wa gulu la alimi a fodya amene kaundula wa ngongole ya feteleza ali momwemo, mawu awiriwa ndi osowetsa tulo.

Nthawi zambiri mafayilowo amakhala alipo, osaonongeka ngakhale pang'ono. Chimene chasintha ndi chakuti kompyuta yasiya kuzindikira mwini wake.

Windows sizindikira munthu ndi dzina. Akaunti iliyonse ikamatsegulidwa imapatsidwa nambala yaitali yotchedwa SID, imene imayamba ndi S-1-5-21. Zili ngati Bilhete de Identidade: a Phiri alipo ambiri ku Angónia, ena mpaka dzina loyamba n'lofanana, koma nambala ya pa bilhete aliyense ali ndi yake. Pa disiki yokonzedwa m'njira ya NTFS, imene Windows imagwiritsa ntchito, fayilo iliyonse imasunga mndandanda wa manambala ololedwa kuitsegula, kuisintha kapena kuifufuta. Nambala ikasintha, dzina lomwe lija silithandizanso kanthu.

Kusamuka kumene kumachitika mwadongosolo kudzera pa Windows Update sikusintha nambalayi, choncho vutoli silichitika kawirikawiri. Limachuluka pamene Windows yaikidwa mwatsopano. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale alibe, ndiye mmisiri akaona kuti yakana, njira yachidule imakhala kufufuta chigawo C n'kuika Windows yatsopano, n'kusiya chigawo D mmene mwini wake anasunga zinthu. Kenako amatsegula akaunti yatsopano ya dzina lomwe lija. Mwini wake amanyamula kompyuta ali wokondwa, koma pasta iliyonse ya pa D imene inali yotsekeredwa akaunti yakale ikudikirabe nambala imene kulibenso. Zimachitikanso chimodzimodzi disiki ikachotsedwa m'kompyuta yakufa n'kulumikizidwa ku ina.

Kukonza kwake sikufuna ndalama, koma kumafuna akaunti ya administrador. Nthawi zina Windows imaonetsa yokha batani lolembedwa Continuar, ndipo kungolidina kumakwanira. Likapanda kuthandiza, munthu adine pasta yokanayo ndi batani lakumanja la mouse, asankhe Propriedades, kenako Segurança, kenako Avançadas. Pamwamba pali mzere wa Proprietário, wosonyeza mwini pasta. Ngati pamenepo pakuoneka nambala yaitali ija m'malo mwa dzina, ndiye kuti gwero la vuto lapezeka. Adine Alterar, alembe dzina la akaunti yatsopano, ndipo asaiwale kuchonga kabokosi kouza Windows kuti isinthenso umwini wa zonse zimene zili mkati. Akatha apo abwerere ku Segurança n'kupatsa akauntiyo chilolezo chonse, Controlo total. Ambiri amalekera pa umwini n'kudabwa kuti pasta ikukanabe, pamene umwini ndi chilolezo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Mankhwalawa ndi a mapasta a munthu mwini basi. Pa intaneti pali malangizo olimbikitsa kulanda umwini wa chigawo C chonse nthawi imodzi, ndipo amenewo ndi malangizo oipa. Mafayilo ambiri oyendetsa Windows ali m'manja mwa akaunti yapadera yotchedwa TrustedInstaller, ndipo anawatseka dala kuti mavairasi kapena dzanja lolakwitsa lisawafike. Kuwalanda kungachititse kuti mapulogalamu ena asiye kutseguka, kapena Windows ilephere kulandira zokonza. Pa kompyuta ya kuntchito napo m'pofunika kufunsa woyang'anira makompyuta, chifukwa pasta ya malipiro kapena ya odwala ikhoza kukhala kuti inatsekedwa ndi cholinga.

Amene sakuona mafayilo awo n'komwe ayang'ane pasta yotchedwa Windows.old pa chigawo C. Mmenemo ndi mmene Windows imaunjika zakale ngati disiki sinafufutidwe, ndipo zinthu za munthu zikhoza kupezeka m'kapasta kamene kali ndi dzina lake. Izi zimafuna changu, popeza pambuyo posamuka Windows imafufuta yokha Windows.old pakatha masiku 10.

Pali malo awiri pamene kusintha umwini sikuthandiza. Oyamba ndi mafayilo amene mwini wake anawabisa ndi njira yotchedwa EFS, amene amaoneka ndi kaloko pa chithunzi chake kapena dzina lobiriwira. Kiyi yake inali mu akaunti yakale, ndipo ngati akauntiyo inafufutidwa kiyiyo isanakoperedwe pena, palibe mmisiri amene angawatsegule. Achiwiri ndi disiki yotsekedwa ndi BitLocker, imene imapempha kiyi ya manambala 48. Kiyi imeneyi kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inalowetsedwa pa kompyutayo. Apa pali msampha: ngati mmisiri analowetsa imelo yake poika Windows, kiyi ili kwa iyeyo. N'chanzeru kufunsa za imeloyo munthu asanachoke pamalo okonzera.

Choopsa kwambiri pa nkhani yonseyi ndi mawu akuti "tingofomata". Kufomata kumachotsadi "Acesso negado", koma kumachotsa pamodzi ndi mapauta ndi kaundula uja. Mmisiri amene wafulumira kutchula zofomata asanatsegule n'komwe tsamba la Segurança sanaliyeze vutolo.

Amene sanasamuke ali ndi mwayi wopewa zonsezi pokopera zofunika pa flash, ali mu akaunti yawo yakale, kompyuta isanapite kwa mmisiri. Ma flash ambiri amakonzedwa m'njira ya FAT32 kapena exFAT, zimene sizisunga mndandanda wa zilolezo, choncho fayilo ikafika pamenepo imatseguka pa kompyuta ina iliyonse. Izi zikutanthauzanso kuti aliyense wotola flash yotayika akhoza kuwerenga zonse. Kwa amene ali ndi mavidiyo aatali a ukwati kapena a kwaya, FAT32 silandira fayilo yopitirira 4 GB, ndiye flash yake iyenera kukhala ya exFAT.