Nyama pa sikelo, ng'ombe pa maso

Mu mzinda wa Lilongwe mtengo wa nyama subisika. Mukalowa m'butchala ku Old Town, kaya chakumsewu wa Malangalanga kapena mkati mwa msika waukulu, mupeza mtengo wa kilogalamu utalembedwa pakhoma, sikelo ili poyera, wogula atayang'anitsitsa manambala mpaka wodula nyama ataponyapo kachidutswa kokwaniritsira. M'masitolo akuluakulu momwe mumagula anthu a ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi ogwira ntchito ku City Centre, paketi iliyonse ili ndi kapepala konena kulemera kwake mpaka galamu yomaliza, steki payokha, nthiti pazokha, nyama yankhosa payokha. Koma mukafunsa kuti ng'ombe yomwe yatulutsa nyamayo inagulidwa ndalama zingati kwa mwini wake, ndipo inkalemera bwanji ili moyo, yankho limasowa. Sikelo imayamba kugwira ntchito chiweto chitaphedwa kale. Chili moyo chimagulidwa pa maso, pakati pa anthu awiri, popanda wachitatu wopikisana nawo. Apa mpamene woweta amaluzira ndalama zake, ndipo mankhwala ake ndi odziwika: msika wa okushoni wa ziweto, wochitika pa tsiku lodziwika, wokhala ndi sikelo, umene mitengo yake imalengezedwa kwa aliyense.

Tione kaye momwe malondawa amayendera lero. Wogula amafika pakhola pomwe, kapena amadikirira pa tsiku la msika m'malo ngati Mitundu ndi Nsundwe. Amaizungulira ng'ombe, kuisisita pamsana, kutsina pa nthiti ndi patsinde pa mchira kuti amve mafuta, nthawi zina n'kuitsegula kukamwa kuti aone mano. Kenako amafunsa mwaulemu, "Mwati zingati, bambo?" Mwini ng'ombe akatchula mtengo, wogula amaseka, n'kuyamba kutchula zilema: yaonda, yakalamba, thiransipoti yakwera. Pambali pamakhala madobadoba, amene amadya mbali zonse ziwiri. Pa kunenerera kumeneku anthu awiriwa sayambira pofanana. Wogula amagula ziweto sabata ndi sabata ndipo amaziona zikupachikidwa pa sikelo zitasendedwa, kotero diso lake linaphunzira. Woweta amagulitsa mwina kamodzi pa chaka, ndipo sanaonepo nambala ya kulemera kwa ng'ombe yake. Ng'ombe ikaphedwa, n'kuchotsa chikopa, mutu, mang'ina ndi zam'kati, nyama yotsala imakhala pafupifupi theka la kulemera kwake ili moyo. Tiyerekeze kuti ng'ombe yolemera makilogalamu 280 yagulidwa ngati ya makilogalamu 240. Makilogalamu 40 osowawo ndi nyama pafupifupi makilogalamu 20. Chulukitsani ndi mtengo wa kilogalamu womwe uli pakhoma la butchala, muona ndalama imene yapita chifukwa chosowa sikelo. Zam'kati, mutu ndi mang'ina, zomwe m'tauni ndi malonda otentha, sizitchulidwa n'komwe pokambirana mtengo kukhola.

Nyengo nayo imamupanikiza woweta. M'chigawo chapakati ng'ombe zimakhala zonona mvula ikangotha, cha mu Epulo mpaka Juni, msipu ulipo ndipo mapesi ali mbwee m'minda. Pofika Okutobala ndi Novembala madambo amakhala atauma, ziweto zitaonda. Komatu imeneyi ndiyo nthawi imene banja limafuna ndalama za feteleza, fizi ya ana asukulu, ndipo posakhalitsa chimanga cha m'nkhokwe chimatha. Mabanja ambiri amatulutsa ziweto nthawi imodzi, zili zoonda, eni ake ali pa changu, ndipo wogula amadziwa zonsezi. Kugwa kwa kwacha kumawonjezera chisokonezo. Ndalamayi itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wa butchala ankatha kufufuta mtengo pakhoma n'kulemba wina tsiku lomwelo. Woweta wa kumudzi alibe khoma lotero. Mtengo umene amaudziwa ndi womwe mnansi wake anagulitsira miyezi ingapo yapitayo, ndipo pa nthawi imene zinthu zikukwera mwezi ndi mwezi, mtengo wa dzana ndi mphatso kwa wogula.

Msika wa sikelo si chinthu chachilendo m'dziko muno. M'zaka za ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda boma linkayendetsa misika ya ng'ombe m'madera osiyanasiyana. Ziweto zinkayezedwa kulemera, n'kuikidwa m'magiredi, ndipo panali mtengo woyambira umene kampani ya boma ya Cold Storage inkagulira ng'ombe zomwe ogula ena sanazifune. Ku Lilongwe kuno, pulogalamu yotukula ulimi ya Lilongwe Land Development Programme, yomwe inayamba mu 1968 ndi thandizo la Banki Yaikulu Padziko Lonse, inakhazikitsa famu ya ng'ombe ya Dzalanyama kuti izipereka ng'ombe zazing'ono kwa alimi onenepetsa m'khola. Mlimi ankaidyetsa ng'ombeyo mapesi, zotsalira za mtedza ndi madeya kwa miyezi ingapo, podziwa kuti kumapeto kuli sikelo ndi giredi, ndipo khama lake lidzaoneka pa manambala. Dongosololi linali ndi zofooka zake: mitengo inkaikidwa ndi boma, ndipo boma limene likufuna kuti anthu a m'tauni adye nyama yotsika mtengo silimufunira woweta mtengo wokwera. Koma malonda atamasulidwa, makampani a boma n'kuyamba kugulitsidwa motsatira lamulo la 1996, chimene chinatayika si mtengo woikidwa ndi boma wokha. Sikelo, giredi ndi kalendala ya misika zinafota nawo limodzi, pomwe zitatuzi sizinalakwe chilichonse.

Chimene okushoni imachita n'chosavuta kumva. Chiweto chimalembedwa, mlangizi wa ziweto amachiyeza, chimakwera pa sikelo, ndipo kulemera kwake kumatchulidwa mokweza. Mwini wake amanena mtengo umene sangatsikepo. Woyitanira malonda amayamba, ogula amakweza manja mopikisana, ndipo wotchula mtengo wapamwamba ndiye amatenga. Mtengo ukapanda kufika pomwe mwini wake ananena, chiweto chimabwerera kwawo. Ku Zimbabwe, Namibia ndi South Africa umu ndi momwe ng'ombe ndi nkhosa zambiri zimagulitsidwira, ndipo mitengo ya kilogalamu imasindikizidwa msika ukatha. M'dera la Matatiele ku South Africa, komwe anthu amaweta pa malo a mudzi monga kwathu kuno, makola osunthika ndi sikelo amapita nazo kumidzi komweko pa tsiku la msika. Phindu lalikulu la msika wotere ndi lakuti umabala mtengo wodziwika kwa onse. Ogula asanu akapikisana poyera, palibe amene angauze woweta kuti ng'ombe sizikuyenda malonda pomwe mnzake wakweza dzanja.

Mlimi wa ku Lilongwe ali ndi chifukwa chokayikira mawu akuti okushoni. Msika wa fodya wa ku Kanengo wakhala ukumuliza kangapo: mabelo kubwezedwa, mitengo yosasangalatsa, ndalama zodulidwa zosawerengeka, ndi madandaulo osatha akuti ogula amamvana. Nanga msika wa ng'ombe ungasiyane bwanji? Kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu. Fodya amagulidwa ndi makampani owerengeka pa zala, ndipo mlimi alibe kwina kokamugulitsa, sangamudye, sangamusunge mpaka kalekale. Nyama imafunidwa ndi mabutchala ambirimbiri, mahotela, masukulu ogonera konko, owotcha kanyenya, a maukwati ndi makampani okonza nyama, mu mzinda umene kalembera wa 2018 anaupeza ndi anthu oposa 989,000. Kumvana mwachinsinsi kumavuta ogula akachuluka chotere, ndipo kukachitika, bungwe loona za mpikisano pa malonda la Competition and Fair Trading Commission lilipo chifukwa cha milandu yotero. Komanso ngakhale ku Kanengo, pali chinthu chimodzi chimene mlimi wa fodya ali nacho chomwe woweta alibe: mtengo wapakati wa kilogalamu umalengezedwa, ndiye akamadandaula amadandaula ndi manambala m'manja, ndipo aphungu ndi atolankhani amakhala ndi poyambira. Woweta akadyeredwa masuku pamutu, nkhani imathera pakhola pomwepo.

Ena anganene kuti ziweto zathu n'zochepa ndiponso zomwazikana, mwakuti msika wa okushoni sungadzaze khola. Kalembera wa zaulimi ndi ziweto wa 2006/07 anapeza ng'ombe pafupifupi 884,000, mbuzi zoposa 2.6 miliyoni, ndi nkhosa zosakwana 80,000 m'manja mwa alimi ang'onoang'ono. Ziwerengerozi zakwera kuchokera nthawi imeneyo, koma chithunzi sichinasinthe: Malawi ndi dziko la mbuzi, ndipo nkhosa n'zochepa. Choncho msika wa kuno usakopere wa ku Namibia. Ukhale wa ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa pamodzi, uzichitika kamodzi pa mwezi, ndipo alimi a m'kalabu imodzi azibweretsa ziweto zawo ngati gulu. Kuchepa kwa nkhosa ndiye chifukwa chenicheni chozisonkhanitsira malo amodzi. Ofuna nyama yankhosa ambiri ali m'tauni, m'mahotela, m'mabanja a ku Area 2, Area 3 ndi Area 9, makamaka nyengo ya Eid ul-Adha pamene Asilamu amazinga nkhosa, mbuzi ndi ng'ombe zambiri. Mwini nkhosa zitatu kuseri kwa Malingunde sakumana ndi ogula amenewa. Amakumana ndi munthu mmodzi wa njinga yamoto. Kalendala yodziwika imathandizanso pa vuto la nyengo lija. Woweta akadziwa kuti mu Meyi kuli msika, angagulitse ng'ombe ili yonona n'kugula feteleza nthawi ikadalipo, m'malo modikira Novembala. N'zoona kuti ambiri amaweta ng'ombe ngati chuma chosungira tsoka, ndi zokoka ngolo, osati za malonda. Koma amene amagulitsa kamodzikamodzi ndi amene akufunika kwambiri kuti tsiku limodzilo asaberedwe.

Nkhawa ya matenda ndi umbava njomveka. Kusonkhanitsa ziweto kungafalitse matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi, amene akabuka, monga zimachitikira kawirikawiri ku Chikwawa ndi Nsanje, boma limatseka misika ndi kuletsa kuyendetsa ziweto. Koma ziweto zikusonkhana kale pa masiku a msika, ndipo zina zimayenda usiku popanda chilolezo cha a vetenale. Khola la chipata chimodzi, pomwe mlangizi amaona chiweto chilichonse, kalata ya amfumu ikuwerengedwa ndipo chilolezo chikulembedwa pomwepo, ndi losavuta kuyang'anira ndi kutseka kusiyana ndi malonda a m'tchire. Wakuba ng'ombe amakonda msika wopanda kaundula. Botswana ndi Namibia, amene amagulitsa nyama mpaka ku Ulaya, anafika poika chizindikiro cha nambala pa khutu la ng'ombe iliyonse kuti idziwike komwe yachokera, ndipo kaundula wa pa msika ndi sitepe yoyamba ya ulendo umenewo.

Nanga ogula apakati, ndi munthu wa m'tauni amene nyama yamukwerera kale? Tisawanamizire mavenda a ziweto kuti sagwira ntchito. Amayenda m'midzi yovuta kufikako, amalipira ndalama pompopompo, amalipira lole, ndipo chiweto chikafera panjira kapena kukanidwa ndi oyeza nyama, kuluza n'kwawo. Mlimi akalandira ndalama yochepa pakhola amakhala akutsata nzeru yakale yakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Okushoni siwachotsa anthuwa. Imangowaimika pamzere umodzi ndi anzawo, kuti phindu lawo lichokere pa ntchito imene agwira, osati pa kusadziwa kwa mwini chiweto. Imawapulumutsanso ku masiku oyendayenda kufunafuna ng'ombe imodzi. Kwa wodya nyama, mtengo ungakwereko poyamba, koma chimene chimakweza nyama kwa nthawi yaitali ndi kuchepa kwake. Malinga ngati ng'ombe yonona ndi yoonda zikugulidwa pa mtengo wosasiyana kwenikweni, palibe mlimi amene angawononge madeya ake ndi ndalama za mankhwala a nkhupakupa kuti anenepetse chiweto. Kilogalamu iliyonse ikamalipiridwa, alimi amaweta makilogalamu, ndipo nyama imachuluka pa ziweto zomwezo.

Zofunika kuti izi zitheke si zazikulu, ndipo maofesi ake ali mu Lilongwe momwemo. Makhonsolo amatolera kale ndalama za msika. Gawo lina lingamange khola ndi kugula sikelo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe limayeza masikelo a malonda, lingaitsimikize kuti mbali zonse ziikhulupirire. Nthambi yoona za umoyo ndi chitukuko cha ziweto ili ndi alangizi, ndipo sukulu ya LUANAR ku Bunda imaphunzitsa akatswiri a ziweto chaka ndi chaka. Malipiro angadutse pa foni tsiku lomwelo, ndipo ndalama zodulidwa zikhale zochepa, zolembedwa poyera, kuti tisabwereze madandaulo a ku fodya. Boma lisaike mtengo, lisagulenso ng'ombe. Ntchito yake ikhale kuonetsetsa kuti sikelo njolungama ndi kuti zotsatira za msika uliwonse zalengezedwa pa wailesi, mtengo wa kilogalamu wa ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Oweta ambiri sadzapondako ku msika umenewu, ndipo sizofunika kuti onse apiteko. Mtengo ukamveka pa wailesi, ndipo mlangizi akamuonetsa mlimi kuyerekeza kulemera kwa ng'ombe ndi tepi yozunguliza pachifuwa, kunenerera kwa pakhola kumayambira pa nambala imene onse awiri akuidziwa. Msika umodzi woyenda bwino ungakonze malonda a m'makola ambiri amene sunawaonepo.