Lisiti lilibe inki, n'chifukwa chake limafufutika lokha

Mpunga wa pa sikimu ya Hara ukagulitsidwa, makomo ambiri amagula katundu wamkulu: foni, sola, batire, mwina wailesi. Tiyerekeze kuti kwanu mwagula batire la sola ku Karonga boma. Wasitolo wanena kuti likavuta isanathe miyezi 6 mubwere nalo, koma ndi lisiti. Patha miyezi inayi, batire lasiya kusunga moto. Mukutulutsa lisiti lija m'kachikwama, kapepala kali mbee, ngati sikanalembedwepo kanthu. Zilembo zapita kuti?

Yambani mwayesa izi. Tengani lisiti losalala lija, la m'sitolo yaikulu kapena la mayunitsi a magetsi, mulikande mwamphamvu ndi chikhadabo. Patuluka mzere wakuda. Cholembera mulibe, ndiye wakudayo wachokera kuti? M'pepala momwemo.

Pepala limeneli amati thermal paper. Kumaso kwake anapakako mankhwala awiri. Oyamba ndi utoto wosaoneka, wotchedwa leuco dye. Achiwiri ndi asidi wofooka, kawirikawiri BPA kapena BPS. Pepala likakhala lozizira, awiriwa amangokhala moyandikana ngati fumbi louma, osachita kanthu. M'makina osindikiza lisiti muli timawaya ting'onoting'ono, m'makina ambiri timakhala 8 pa milimita imodzi, timene timatentha kwa kanthawi kochepa zedi. Pamene patenthapo mankhwala aja amasungunuka n'kusakanikirana, asidi amasintha kapangidwe ka molekyulu ya utoto, malowo n'kuda. Mukukumbukira litmus ku Chemistry, mmene amasinthira mtundu akakumana ndi asidi? N'chimodzimodzi. Chikhadabo chanu chija chinangobweretsa kutentha pokhulana ndi pepala.

Vuto lake, ukwati wa mankhwala awiriwa ndi wosalimba. Mafuta a m'manja, thukuta, sanitayiza, guluu wa selotepi komanso timatumba tina ta pulasitiki wofewa zimawalekanitsa, utoto n'kubwerera kusaoneka. Dzuwa limaphwanya utotowo. Kutentha kukanyanya, pepala lonse limada bii. Ndiye ganizani za Hara mu Okutobala, kunyanja kuno, lisiti lili m'thumba la thalauza kapena pawindo la nyumba ya malata. Silingakhalitse. Amene amati alisunge bwino polimata pulasitiki ndi makina otentha aja amangolipha tsiku lomwelo.

Tsono lisiti liti losunga? La sopo, mchere ndi buledi, mukaonetsetsa kuti mtengo ndi chenji zili bwino, ntchito yake yatha. Komabe muzilitenga ndithu: bungwe la MRA linayambitsa makina a EFD mu 2014 kuti msonkho wa VAT umene mwalipira ulembedwe, usathere m'thumba la wogulitsa. La magetsi sungani mpaka manambala 20 aja alowe mu mita. Koma la foni, sola, batire, pampu kapena la kubanki, ilo ndi mboni yanu. Lijambuleni pa foni kapena kalichititseni fotokope tsiku lomwelo, zilembo zikadali zakuda. Fotokope imagwiritsa ntchito ufa wakuda umene umamatirira papepala, ndipo imatha zaka. Lenilenilo liikeni mu envelopu ya pepala, m'sutikesi, kutali ndi dzuwa. Lisiti lolemba ndi bolopeni, la m'kabuku ka kaboni, ena amalipeputsa, chonsecho ndi limene limapirira kwambiri.

Potaya napo pali nkhani. BPA amatha kulowa pakhungu ndipo amasokoneza mahomoni, moti mayiko a European Union analetsa kumugwiritsa ntchito m'mapepalawa kuyambira Januwale 2020. Kugwira lisiti kamodzi si chinthu chochitira mantha. Amene amafunika kusamala kwambiri ndi ogulitsa amene amagwira mazanamazana patsiku. Koma musakulungiremo mandasi kapena usipa wokazinga, musalilume pamene manja ali ndi katundu, ndipo mwana wamng'ono asamaseweretse.