Galimoto yakale ikasinthidwa kwambiri, nambala yake imapita kuti?

Munthu akagula Land Rover ya mu 1970 n'kuiika injini ina, magiya ena ndi bodi ina, kodi ikadali galimoto yomwe ija? Ku Britain funsoli limayankhidwa ndi bungwe la boma la DVLA, lomwe lili ku Swansea ndipo limapereka chikalata cha V5C, chofanana ndi chimene kuno timati blue book.

Kwa zaka zambiri bungweli linkawerengera mapointi 14. Chasisi chosadulidwa kapena kusinthidwa chinkapata 5. Masipuling'i, ma axle, magiya ndi chiwongolero zinkapata 2 chilichonse ngati zinali zoyambirira. Injini, imene eni galimoto amainyadira koposa, inkangopata 1. Kuti nambala yakale ikhalebe, pankafunika mapointi 8, ndipo 5 mwa amenewo anali a chasisi. Apa n'pamene ambiri ankagwa, chifukwa ungasunge zina zonse, koma ukangodula chasisi basi wagwa nayo. Galimoto yotero inkayesedwa mwapadera n'kupatsidwa nambala yoyamba ndi Q, imene ogula amaikayikira, motero mtengo unkatsika.

Mu Ogasiti 2025 malamulowa anafewetsedwa. Tsopano galimoto yosinthidwa kwambiri, ngakhale yoikidwa injini ya magetsi, ingasunge nambala yake malinga mwini adziwitse DVLA.

Chotsala ndi chakuti galimoto yopitirira zaka 40 siikakamizidwa kuyesedwa chaka ndi chaka, koma mwayiwu umatha ngati inasinthidwa kwambiri m'zaka 30 zapitazo.