Mfuti Yofanizira Siteteza Khola

Mfuti zofanizira zimapangidwa motengera mfuti zing'onozing'ono zakale za asilikali. Zodziwika ndi Luger P08 imene asilikali a Germany anayamba kunyamula mu 1908, Colt M1911 ya ku America yolowa zipolopolo 7, ndi Webley ya ku Britain yolowa 6. Zina, monga za kampani ya Denix ya ku Spain, n'zacitsulo ndiponso zolemera m'manja, koma siziombera.

Ife alimi tingaganize zogula yotere kuti tiziopsezera akuba ng'ombe. Tisayese! Mumdima kawalala kapena wapolisi sangasiyanitse, angayambe ndiye kutiombera. Tikaifuna yokongoletsera nyumba, tiyambe tafunsa kupolisi, tionetsetse kuti paipi yake njotseka, ndipo tisunge lisiti. Malo ake ndi m'kabati yokhoma, kutali ndi ana.